Kukongoletsa Nyumba ku Mangochi: Tikatengeko Chiyani ku Chionetsero?

M'mwezi wa Epulo mumzinda wa Milan ku Italy mumasonkhana anthu ochokera m'maiko ambiri kudzaona mipando, matebulo, nyale, makatani ndi makabati atsopano. Chionetsero chimenechi, chotchedwa Salone del Mobile, chinayamba m'chaka cha 1961, ndipo m'zaka zina anthu ofikako amapitirira 300,000 m'sabata imodzi yokha. Ku London chionetsero cha Ideal Home chinayamba kale koposa, m'chaka cha 1908, ndipo anachiyambitsa ndi eni ake a nyuzipepala ya Daily Mail. Ku South Africa nako kuli chionetsero cha Decorex, chimene chimachitikira ku Johannesburg ndi ku Cape Town. M'malo onseŵa amisiri amamanga zipinda zathunthu m'kati mwa holo yaikulu, naziyala monga momwe banja likadakhaliramo, kuti wodzaona aloŵe, akhale pampando, akhudze nsalu, ndi kubwerera kwawo ali ndi maganizo atsopano a nyumba yake.

Kapena wina afunsa kuti, nanga zimenezi zikulikhudza bwanji banja la ku Namiyasi, ku Malindi kapena ku Monkey Bay? Zikulikhudza ndithu. Zithunzi za m'zionetserozi zimafika m'mafoni a ana athu kudzera pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene akukonzekera ukwati amaziona, nayamba kuipidwa ndi nyumba imene anakuliramo. Ena atenga ngongole kuti pabalaza pawo pafanane ndi chithunzi. Tsono nkoyenera kuti makolo ndi ana akhale pansi, naone bwino chimene zionetserozi zikuyamikira, pakuti m'menemo muli chinthu chodabwitsa.

Katundu Wobwera ndi Katundu Wopita

Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anyamata ake ambiri amapita kukagwira ntchito ku South Africa. Aliyense wokhala kufupi ndi mseu anaonapo magalimoto ochokera ku Joni atasenza masofa aakulu, matiresi, mafiriji ndi makabati a magalasi. Katunduyo ndi thukuta la ana athu, ndipo sitimunyoza.

Komatu pa mseu womwewo pali katundu wina wopita kummwera. Amalonda amanyamula ziboliboli, madengu ndi mipando yoluka kukagulitsa ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Mpando wathu woluka uja, wa msana wozungulira, umene amisiri amauluka ndi nsungwi ndi zomera zoyanga pa mafelemu a mtengo, m'masitolo a kumeneko ndi a ku Ulaya amautchula ndi dzina la dziko lathu lomwe, Malawi chair, ndipo umaikidwa m'nyumba za anthu olemera ndi m'mahotela apamwamba. Pamene ife tikuutulutsa pabalaza kuti tiloŵetsepo sofa ya siponji, anzathu akuulipirira ndalama zambiri.

Si mpando wokha. M'zaka zaposachedwazi zionetsero zazikulu zakhala zikuyamikira zinthu zopangidwa ndi manja kuchokera ku zomera, dothi ndi mtengo. M'zipinda zoonetsera mumapezeka madengu opachikidwa pakhoma monga zithunzi, ena a iwo olukidwa ndi amayi a Chitonga a ku Binga m'dziko la Zimbabwe; zovundikira nyale zoluka; makoma opakidwa laimu kapena utoto wofanana ndi katondo; mitsuko ya dothi yoima pangodya; maluŵa obzalidwa m'miphika; ndi katundu woŵerengeka, kuti chipinda chikhale ndi malo oyendamo. Amayi a kumudzi amene amazira pansi ndi kutsutsuta khoma ndi dothi la mitundu iŵiri kapena itatu akadaloŵa m'zipinda zimenezi akadaseka, nati izi nzimene takhala tikuchita kuyambira kale.

Chionetsero Chopanda Chipata

Ife a kunyanja tili ndi chionetsero chathu, chimene sichilipiritsa poloŵa ndipo sichitsekedwa chaka chonse. Chili m'mbali mwa mseu wochokera ku Liwonde kufika ku Mangochi Boma, ndi wochokera pa Boma kupita ku Monkey Bay, mtunda wa makilomita oposa 60. Dera limeneli nlodzala ndi migwalangwa, ndipo mlaza wake ndiwo chuma cha mabanja ambiri. Woyenda pang'onopang'ono amaona mikeka yozungulira ndi yaitali, zipewa, madengu a zovala, tizikwama, zovundikira chakudya, matsache, ndi tigalimoto ta ana tolukidwa mwaluso. Pena amapeza mphasa za bango, malichero ndi nsengwa za nsungwi, mipando yoluka ndi timatebulo take.

Anthu ambiri timangodutsapo pa minibasi, poyesa kuti zimenezo nza alendo odzaona nyanja. Koma tsiku lina tsikani, muyang'anitsitse. Funsani mmisiri kuti mlaza amaudula liti, amauyanika masiku angati, ndipo utoto amaunyika bwanji. Mutembenuze mkeka muone ngati msoko wake uli wothina. Mukhale pampando mumve ngati miyendo yake ikufika pansi yonse inayi. Mmisiri wa pamseu angathe kukulukirani chinthu cha muyeso wa chipinda chanu, chimene sitolo ya m'tauni singachite.

Chipinda chachiŵiri cha chionetsero chathuchi ndicho mahotela ndi nyumba za alendo za m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka kwa Chembe ku Cape Maclear. Ambiri a ife tinafikako pa ukwati kapena pa msonkhano. Eni ake a malo ameneŵa akadafuna akadaitanitsa katundu yense kuchokera kunja, koma ambiri anasankha denga la udzu, khonde lalikulu, mipando yoluka, mikeka, ndi nsalu za chitenje. Anatero chifukwa alendo amazikonda, ndiponso chifukwa zimapirira kutentha kwa kunyanja.

Amene angathe kuyenda ulendo wotalikirapo apite ku Mua, m'tsinde mwa mapiri a Dedza, kumene mseu wochokera ku Monkey Bay kudzera ku Golomoti ungawafikitse. Kumeneko kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher a ku Canada anawayambitsa m'chaka cha 1976, ndipo aphunzitsa amisiri ambiri osema. Makoma ojambulidwa a nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare amasonyeza kuti khoma nalo lingathe kufotokoza mbiri. Pamwamba pa mapiriwo pali Dedza Pottery, imene inayamba m'chaka cha 1987, ndipo imaumba mbale, makapu ndi matailosi ojambulidwa nsomba, mbalame ndi midzi ya kwathu. Kwathu konkuno, ku Malindi kutsidya kwa nyanja, kunatchukanso ndi ntchito youmba ziŵiya zotere. Ndipo ku Blantyre, pa bwalo la zionetsero la Chichiri, bungwe la amalonda la MCCCI limakonza chionetsero chachikulu cha malonda, kumene akalipentala, osoka makatani, ogulitsa penti ndi ogulitsa nyale za dzuŵa amaonetsa katundu wawo pamodzi ndi amalonda ena.

Kutengera Luso kwa Ena Si Kulakwa

Pasapezeke wina woganiza kuti tikuletsa zachilendo. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Nyumba ya ngodya zinayi imene lero timaiyesa yathu inafika m'dera lino kuchokera kwina. M'zaka za m'ma 1800 Ayao amene ankachita malonda ndi anthu a kugombe la nyanja yamchere anatengerako mamangidwe ndi mavalidwe a kumeneko. Pamene David Livingstone anafika ku Mwembe, mudzi wa Mfumu Mataka m'dziko limene tsopano ndi Mozambique, m'chaka cha 1866, anapezako nyumba za ngodya zinayi zomangidwa motsanzira za Aluya. Pambuyo pake kunadza njerwa zootcha, malata, mazenera a magalasi ndi simenti. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 alangizi a zapakhomo anaphunzitsa amayi ambiri kusoka makatani, kuluka nsalu za patebulo ndi kukonza thandala la mbale, ndipo pa zionetsero za ulimi za m'maboma ntchito za manja za amayi zinkaonetsedwa pamodzi ndi chimanga ndi mtedza.

Makolo athu anatenga zimene zinawathandiza nasiya zimene sizinawayenere. Nzeru yomweyo ndiyo ifunika lero. Chifukwa chake poima patsogolo pa chipinda chokongola, kaya ku Chichiri, kaya pa chithunzi cha pafoni, dzifunseni mafunso anayi aŵa.

Funso Loyamba: Kodi Chipirira Kutentha?

Mangochi ali m'chigwa, pamtunda wosafika mamita 500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse. Zipinda zambiri za m'zithunzi anazikonzera anthu a m'maiko ozizira. Kapeti wochindikala, makatani olemera a mtundu wakuda, ndi sofa yokutidwa ndi chikopa chapulasitiki nzabwino kumene kumagwa chisanu, koma kunyanja zimasunga kutentha ndi fumbi, ndipo mlendo amadzuka pampando malaya atamatirira kumsana. Mpando woluka uli ndi mabowo mazana oloŵetsa mphepo. Mkeka umatuluka panja m'maŵa, nukung'unthidwa, nubwerera woyera.

Mdani wamkulu ndiye malata opanda siling'i. Banja limene silingathe kugula matabwa a siling'i lingathe kuyala mphasa kapena nsungwi zong'amba pansi pa malata, kusiya mpata pakati. Mphasazo zimatchinga kutentha kotsika kudenga, zimachepetsa phokoso la mvula, ndipo zimaoneka bwino. Malata opakidwa penti yoyera pamwamba amabweza dzuŵa koposa ofiira kapena akuda. Mazenera aŵiri oyang'anana amalola mphepo kuloŵa uku ndi kutuluka uko, ndipo kabati yaitali isaimikidwe motsekereza njira imeneyo. Mtsuko umene okonza zionetsero amauika pangodya wopanda kanthu, kwathu kuno uli ndi ntchito: madzi amatulukira pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, ndipo pouma amaziziritsa otsala m'katimo, popanda magetsi.

Funso Lachiŵiri: Kodi Chiteteza Ana?

Nyumba yokongola imene ana akudwaliramo malungo siinathe kukonzedwa. Dera la kunyanja lili ndi udzudzu wambiri, ndipo ofufuza anapeza kuti udzudzu wofalitsa malungo umakonda kuloŵera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Kutseka mpata umenewo ndi njerwa, dothi kapena sefa, ndi kukhoma sefa pamazenera, kuyenera kutsogola, makatani a mtengo wapatali adze pambuyo. Masikito nawo asayesedwe chinthu choipitsa chipinda. M'mahotela amawapachika pa felemu ya ngodya zinayi pamwamba pa bedi, nawamanga bwino usana, ndipo amakhala chokongoletsa chachikulu cha chipindacho. Kalipentala aliyense angathe kukhoma felemu yotero, ndipo ya nsungwi imakwanira.

Chenjezo lina ndi la moto. Chovundikira nyale cha mlaza nchokongola, ndipo usiku chimajambula mithunzi pakhoma, koma chiikidwe pa babu la LED lokha, la magetsi kapena la dzuŵa, pakuti limeneli silitentha kwambiri. Kandulo ndi koloboyi zikhale kutali ndi mlaza, mphasa ndi makatani.

Funso Lachitatu: Nanga Madzi ndi Chiswe?

M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera, ndipo Mangochi sanasiyidwe. M'chaka cha 2024 madzi a nyanja anakwera naloŵa m'nyumba ndi m'malo ena ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja. Zimenezi zitiphunzitse kusankha katundu. Makabati ambiri onyezimira a m'masitolo amapangidwa ndi utuchi wopanikiza, wokutidwa ndi pepala looneka ngati thabwa. Akangonyowa kunsi amafufuma, nayamba kunyenyeka, ndipo palibe mmisiri angawakonze. Ndicho chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pogula, yang'anani kumbuyo ndi kunsi kwa kabati, kumene sanakuteko, ndipo mudzadziŵa ngati ndi thabwa lenileni. Sankhani katundu wa miyendo, woti tsache liziloŵa pansi pake ndipo chiswe chionekere msanga.

Zoluka nazo zili ndi adani ake, ndipo tisabise. Nsungwi zodulidwa zosakhwima zimafumbwa, ndipo mukaona ufa pansi pa mpando watsopano mudziŵe kuti muli tizilombo. Mpando woluka sufuna kugona pamvula kapena kukhala padzuŵa masiku onse. Koma ukapakidwa vanishi ndi kusungidwa pamthunzi umakhala zaka zambiri, ndipo ukaduka pena, amene anauluka ali pafupi kuti aulumikize.

Funso Lachinayi: Ndalama Zake Zichokera Kuti?

M'mwezi wa Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera mtengo. Ochita chionetsero cholinga chawo ndi kugulitsa. Nyale zawo, fungo labwino ndi kumwetulira kwa wogulitsa, zonsezo anazikonza kuti munthu asaine pepala asanaganize. Banja lanzeru limapita ndi kabuku ndi chingwe choyezera, litayeza kale zipinda zake, ndipo mwamuna ndi mkazi atagwirizana kunyumba za ndalama zimene angaononge. Tsiku loyamba ndi loona ndi kufunsa mitengo. Kugula kudikire mutagona nako.

Kukongoza ndalama kwa akatapila, kapena kutenga za banki m'khonde zimene zikadayambitsa geni, kuti mugule sofa yoonetsa anthu, ndiko kuitana mkangano m'nyumba. Sukulu ikatsegulidwa fizi idzafunika, ndipo sofa siilipira. Inu achinyamata amene mukuloŵa m'banja, musachite manyazi kuyamba ndi bedi, tebulo, mipando iŵiri ndi mkeka. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Chaka chino siling'i, chaka chamaŵa kabati ya kwa kalipentala wa pamsika, ndipo pakutha kwa zaka zisanu nyumba yadzala popanda wokugogoderani pakhomo.

Zimene Mungayese Mwezi Uno

Yambani ndi kuchotsa. Pabalaza pambiri padzaza makalendala a zaka zakale, maluŵa apulasitiki ogwira fumbi, ndi mbale zimene sizidyeredwa. Siyani zoŵerengeka zimene zili ndi tanthauzo kwa banja, monga chithunzi cha ukwati kapena cha agogo, muzipachike molingana ndi maso a munthu woimirira, osati kudenga.

Kenaka ganizani za mitundu. Lamulo limene okonza nyumba amatsata nlapafupi: mtundu umodzi wofatsa ukhale pamakoma, wachiŵiri pa katundu wamkulu, ndipo wachitatu woŵala uoneke pang'ono pokha, pa mapilo kapena pa nsalu ya patebulo. Laimu, amene amaotchedwa konkuno ku Balaka, amayeretsa chipinda ndi kuchiŵalitsa pa mtengo wochepa poyerekeza ndi penti. Wofuna mitundu yogwirizana asavutike kufunsa kutali. Ayang'ane mchenga, bango ndi madzi a nyanja m'maŵa, kapena timbuna ta m'miyala ya ku Cape Maclear, ta mtundu wa mtambo ndi wachikasu, timene tinachititsa kuti malo osungirako zachilengedwe a Lake Malawi National Park, okhazikitsidwa mu 1980, alembedwe ndi bungwe la UNESCO mu 1984 pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Chitenje chimodzi chimatulutsa zikuto zingapo za mapilo, ndipo zitenje ziŵiri zofanana zimakwanira zenera laling'ono. Muike nsalu yoyera kumbuyo kuti dzuŵa lisachisulutse. Malichero atatu kapena asanu a misinkhu yosiyana, opachikidwa pamodzi, amadzaza khoma bwino koposa chithunzi cha mzinda umene simunaufikeko. Ndipo musaiŵale khonde, pakuti kunyanja ndilo chipinda chimene banja limakhalamo nthaŵi yaitali. Lizirani kapena kulitsira simenti, muikepo mipando iŵiri ndi miphika ya maluŵa, ndipo mubzale mtengo wa mthunzi kumadzulo kwa nyumba.

Luso Lisafe ndi Agogo

Pali zinthu ziŵiri zimene zingatithere tikapanda kusamala. Choyamba ndi zipangizo. Mgwalangwa umene ukudulidwa nsonga zonse, kapena kutenthedwa ndi moto wolusa chaka ndi chaka, sukula. Mlombwa, mbaŵa ndi phingo zikusoŵa, ndipo phingo amatenga zaka makumi ambiri kuti akhwime. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo chifukwa cha odula mwakuba. Wogula aliyense ali ndi mbali yake pamenepa. Funsani kumene thabwa lachokera, landirani bulugamu, paini ndi nsungwi pamene zingakwanire, ndipo amene ali ndi malo abzale nsungwi, zimene zimaphukanso zikadulidwa.

Chachiŵiri ndi luso lenilenilo. Oluka ndi oumba ambiri ndi achikulire, ndipo ana amene anapita kusukulu amayesa ntchitoyi ya anthu osaphunzira. Koma ku Milan ndi ku Cape Town amene amajambula mipando ndi anthu a maphunziro apamwamba, ndipo amafunafuna manja odziŵa kuluka. Mnyamata wa ku Mangochi amene angaphunzire kuluka kwa agogo ake, naphatikizapo masamu a muyeso, kujambula, ndi kudziŵa kutumiza chithunzi chabwino kwa wogula wa ku Lilongwe, ali ndi ntchito m'manja imene saifunira chiphaso chodutsira malire.

Inu makolo, pa tchuthi chikudzachi tumizani ana kwa agogo kapena kwa mmisiri wa m'mudzi mwanu, akaphunzire kuyamba mkeka ndi kuutsiriza. Pogula kwa mmisiri musamunyengerere mpaka mtengo wosafika pa thukuta lake, pakuti mkeka waukulu umadya masiku ambiri. Ndipo pamene mwana wanu abwera ndi chithunzi cha pafoni, musamukalipire. Khalani naye, muŵerenge pamodzi zinthu zimene zili m'chithunzicho, ndipo mumfunse kuti ndi zingati mwa izo zimene zingapezeke pakati pa Mangochi Boma ndi Monkey Bay. Loŵeruka lotsatira mupite naye kukazifuna.